Ndinasambitsa Achimwene ndi Sopo

Achimwene anga oyamba anali mtsuko, ndipo ndinawapha ndine, ndi sopo. Sindikuseka ayi. Pitani pa Phalula, muime pomwe amayi amayala masau ndi malambe m'mbali mwa msewu, mufunse za bambo wa vinyo amene anapha mbale wake wadothi. Adzakulozerani khomo langa ndi mlomo, manja ali pa malonda.

Mtsukowo ababa anabwera nawo kuchokera kunyanja ya Chiuta podzakwatira amayi. Mkamwini wina amafika ndi khasu, wina ndi njinga. Iwo anatsika basi atakumbatira chimtsuko chofika m'chiuno, chakuda bii, ndipo abale a amayi anaganiza kuti abwera ndi maliro. Poti unafika pakhomo ine ndisanabadwe, ababa anagamula kuti woyamba kubadwa ndi umenewo, ine wachiwiri. Ndinakula ndikudziwa malo anga. M'nyumba mwathu munthu sankati mtsuko ukuwira. Ankati Achimwene akuyankhula, ndipo ana tinkatsitsa mawu.

Ababa ankasimba kuti amayi awo anawoloka nawo mtsukowo pa bwato kuchokera ku Mozambiki. Anaufungatira pamiyendo, khanda analigoneka pansi pa bwato pomwe pankalowa madzi. Khandalo linali ababa. Nkhaniyi ankainena monyadira, ngati munthu amene amayi ake ankadziwa kusiyanitsa zinthu.

Ntchito ya Achimwene inali imodzi pachaka. Masau akapsa, nyengo yozizira, ababa ankawayanika pang'ono, n'kuwaphwanya mumtondo osaswa nthanga, n'kuthira mumtsuko pamodzi ndi madzi. Pakamwa ankaphimbapo masamba a nthochi ndi mbale, n'kumata dothi. Pakatha masabata atatu ankasefera pansalu. Nsenga zotsala pansi sankataya, ndipo m'kati sankatsukamo. Lamulo linali limenelo basi: Achimwene sasamba. Nsenga za chaka chatha ndi zimene zinkadzutsa vinyo wa chaka chino, monga momwe za chaka chinacho zinadzutsira wa chaka chatha, mpaka kukafika ku bwato lija. M'kati munali nkhoko yakuda yochindikala ngati chala chachikulu. Pali manda a amayi anga, ukagunditsa khutu pamimba pa mtsukowo masana kuli zii, unkamva Chilomwe chosakanikirana ndi Chipwitikizi, ngati anthu awiri akukangana patali.

Za mphamvu yake sindinena zambiri, mungati ndikuwonjezera. Ndingotchula za ntchentche imene inagwera m'kapu ya ababa. Inatuluka, inapukuta mapiko, n'kupita kukamenya tambala wathu. Ndinalipo. Tambalayo sabata yonse ankalira chonong'ona.

Ababa sankalola mawu oti wayini. Ankati wayini ndi wa m'botolo, wa anthu a mataye, koma zotuluka mwa Achimwene ndi vinyo, dzina lomwe lili m'Buku Lopatulika. Ankamwa ndi madoda anzawo anayi pansi pa mtengo wa bwemba, kapu imodzi kuzungulira, osapokosera. Wina akafuna kugula, ababa ankamufunsa ngati iye amagulitsa abale ake.

Ine ndinalowa ntchitoyi pakhomo lina. Bungwe lina linabwera kudzaphunzitsa anthu kupanga wayini wa zipatso, ndipo ndinakakhala masabata awiri ku Balaka. Anatiphunzitsa kutsuka. Kutsuka zipatso, kutsuka ndowa, kutsuka m'manja, kuwiritsa madzi, kenako kutsukanso zomwe watsuka. Anati tizilombo tosaoneka ndi maso tili paliponse ndipo tonse ndi adani, kupatula ta m'paketi ya yisiti, tomwe ndi tophunzira. Ndinabwerako ndi satifiketi, kachipangizo koyandama koyezera shuga, ndi kaukonde kovala kumutu kuti tsitsi lisagwere mu wayini. Dazi langa linali litafika kale kunkhongo, koma ndinkavala.

Ndisaname, ntchitoyo inatilera. Achimwene ankabereka kamodzi pachaka, koma zigubu zanga sizinkadziwa nyengo. Wofiira wa chidede, wa bwemba, wa nthochi, wa malambe. Pakamwa pa chigubu chilichonse ndinkamangapo baluni kuti mpweya uzituluka ntchentche zisalowe, moti kuseri kwa nyumba kunkaoneka ngati kuli phwando la mwana wa munthu wolemera. Madalaivala a mathiraki ankaima, a zikwati ankaitanitsa. Malata a nyumba yathu ndi a chidede. Tsiku lina ndinawapatsa ababa kuti alawe. Anagwedeza kapu, anamwa.

"Ndi wabwino," anatero. "Koma alibe kwawo."

Maso awo atachita ng'ala, anandiitanira pakona pomwe mtsuko unakwiriridwa theka m'dothi. Anagwira dzanja langa n'kulilowetsa m'kati mpaka zala zinakhudza nkhoko ija, yonyowa, yozizira ngati mphuno ya ng'ombe.

"Uziwadyetsa chaka chilichonse. Usadzawasambitse."

Ndinavomera, ndipo zaka zisanu ndinasunga mawuwo. Zigubu kuseri ndinkatsuka mpaka zala kutuwa, mtsuko m'nyumba osaukhudza. Anthu awiri ankakhala mwa ine ndipo sankapatsana moni.

Kenako kunabwera uthenga woti akuluakulu oona za ukhondo wa zakumwa adzayendera malo anga asanandipatse chilolezo choika mabotolo m'magolosale. Mnzanga wina ku Balaka anali atamutsekera chifukwa cha mgolo wakuda. Mkazi wanga anati tingowafukula Achimwene, tikawabise kwa aneba tsiku limodzi. Ndinayankha kuti angasweke. Imeneyo inali mbali ya choonadi. Mbali inayo ndi yakuti ndinkachita nawo manyazi. Ndinkadziona nditaima ndi kaukonde kumutu, satifiketi pakhoma, bwana wa jasi yoyera akusuzumira mu nkhoko ya zaka zosawerengeka n'kundifunsa kuti kodi ndinaphunziradi. Ndiponso pansi pamtima ndinkakhulupirira kuti zonse za nsenga ndi nthano za akuluakulu, kuti vinyo ndi masau ndi madzi, ndipo mtsuko woyera ungabereke bwino kuposa wakuda.

Masiku amenewo ababa anali atayamba kudandaula kuti chakudya chikuima pakhosi. Tsiku lomwe mkazi wanga anapita nawo kuchipatala ku Balaka, ine ndinatsala pakhomo ndi sopo, sitiwulu ndi klorini.

Ndinayamba dzuwa likutuluka, ndinamaliza litapendeka. Nkhokoyo inkachoka zibenthuzibenthu ngati khungwa. Madzi akuda anayenderera pabwalo, abakha anamwa, ndipo anayenda chammbuyo mpaka Lachinayi. Ngati ndikunama ndimere mchira. Nditafika pa dothi lenileni ndinapeza kuti mtsukowo ndi wofiira, si wakuda, ndipo m'kati chapakhosi munali zidindo za zala zinayi, zazing'ono, za munthu amene anauumba. Ndinaikapo zala zanga. Sizinakwane. Pamenepo ndi pomwe ndinazindikira chomwe ndachita, koma madzi anali atapita kale kwa abakha.

Anabwerako madzulo, ababa atatsamira paphewa la mkazi wanga. Atangoponda pakhomo anaima, mphuno m'mwamba.

"Mwachapa lero?"

Mkazi wanga anayang'ana pakona, anayang'ana ine, ndipo diso limenelo ndimalikumbuka kuposa tsiku la ukwati wathu.

"Eya apongozi," anatero. "Mabulangete."

Atawagoneka anandikokera panja. Sanayambe ndi za mtsuko. Anati adokotala apeza chotupa kummero, chomwe chizikula mpaka njira itatsekeka, ndipo anena kuti akadye chilichonse chomwe mtima wawo ukufuna chikadadutsa. Kenako anafunsa kuti, "Nanga inu bambo a ana, mwachita chiyani?"

Bwana wa ukhondo anabwera mawa lake. Anayendera chimbudzi, anandiyang'ana zikhadabo, anayamikira kaukonde. Wayini sanalawe, anati mpingo wake sulola. Potuluka anaona mtsuko pakona uli mbee, n'kunena kuti, "Kamtsuko kokongola aka, mudzalemo maluwa." Chilolezo anandipatsa. Chili pakhoma mpaka lero.

Sabata yomweyo ababa anandiitana pamphasa pawo.

"Masau ayamba kufiira?"

"Ayamba, ababa."

"Chaka chino usachedwe. Nyama yandikana, mbatata yandikana. Ndikufuna ndimwe za Achimwene khomo lisanatsekeke." Analoza pakhosi pawo. Sanapemphe china chilichonse, kuyambira tsiku limenelo mpaka kumapeto.

Ndinayamba ndi njira yomwe ndinkaidziwa. Ndinasankha masau abwino okhaokha, ndinawatsuka katatu, ndinawiritsa madzi, ndinathira mumtsuko n'kumata. Ndinkati dothi lili ndi chikumbumtima, likumbukira lokha. Masiku khumi anatha kuli zii. Ababa ankagona khutu atalozetsa kukona.

"Achimwene ali chete chaka chino."

"Ndi kuzizira, ababa."

"Kuzizira," anatero. "Pa Phalula."

Pa Phalula, pomwe ngakhale mwezi wa chisanu mthunzi wako umakusiya n'kukabisala pansi pa galimoto. Nditamatula ndinapeza zachita chuku, ubweya wobiriwira wautali woti n'kupesa. Ndinakataya kudzala ababa ali mtulo ta masana.

Kachiwiri ndinathiramo yisiti ya m'paketi. Tsiku lachiwiri lomwe mtsuko unayamba kubwata ngati mlaliki wa pamsika, thovu kutulukira m'mbali mwa mbale. Ndinasangalala. Ababa anamvetsera nthawi yaitali.

"Akuyankhula Chingerezi," anatero.

Atapsa ndinawapatsa kapu. Ananyowetsa milomo yokha n'kundibwezera. "Uyu ndi wayini wavala malaya a mkulu wake."

Kachitatu ndinachita zomwe munthu wa satifiketi amachita akathedwa nzeru. Ndinatenga yemweyo, ndinathiramo shuga wopsereza kuti ade, khungwa la bwemba kuti awawe pang'ono, n'kufukiza botolo ndi utsi wa zitsononkho. Kapu isanafike m'manja mwawo anafunsa kuti kukupsa chiyani, ndipo anatembenukira kukhoma.

Nthawi imeneyo anali atasiya zolimba zonse. Anachoka pa phala lolimba kupita pa lamadzimadzi, kenako tiyi wa pa supuni. Mikono inatsala ngati mipini. Usinkhu wa munthu umathera m'khosi, ndinaona ndi maso. Masau nawonso anali akupita kumapeto, amayi a pamsewu atayamba kuyala ouma okhaokha.

Mkazi wanga ndi amene anakumbukira. "Kodi si paja munkati mitsukoyi inali iwiri? Wina si unatsala ndi azakhali ku Chiuta? Pitani mukapemphe nsenga, ngakhale za m'supuni."

Azakhaliwo ndi mlongo wawo wa ababa, wamng'ono. Anakwatiwa kalekale ndi msodzi wachisilamu n'kulowa chipembedzo cha amuna awo, ndipo chifukwa cha kutalika kwa njira ndi miyendo yawo yotupa, panali patatha zaka zambiri asanaonane ndi ababa. Ndinakwera minibasi mpaka ku Liwonde, ina mpaka pa Nselema, kenako kabaza wa njinga yamoto m'fumbi lofika m'mano. M'thumba ndinali ndi kabotolo kopanda kanthu, kotsukidwa bwino. Taonani uchitsiru, ndinakatsukanso ndi klorini.

Ndinawapeza atakhala pampando pafupi ndi thandala loyanikapo nsomba, akutembenuza matemba ndi kamtengo. Atandizindikira anandigwira kumaso ndi manja onunkha nsomba, anafunsa za alongo awo, ndipo nditawauza za chotupa anatembenukira ku bango la kunyanja. Kenako ndinanena chomwe ndinadzera.

"Mtsuko wanga? Ndi uwo pakhonde, muli madzi akumwa. Tunga umwe, wachokera kutali."

"Nanga nsenga, azakhali?"

"Nsenga zanji, mwanangu? Ndinautsuka tsiku lomwe ndinalowa Chisilamu. Mchenga, phulusa, mchenganso. Unkafuna ndizimwa madzi a haramu zaka zonsezi?"

Ndinakhala pansi pomwepo, pa mamba a nsomba, n'kuulula zonse, sopo, klorini, abakha. Ndinkayembekeza kuti andikalipira. Anaseka mpaka kutsokomola, mpaka mpango kusunthika kumutu.

"Ndiye alongo anga anakuuza kuti mtsuko umenewo sunasambepo chichokere ku Mozambiki? Bodza la mkamwini limenelo. Munthu akapita kwa eni wopanda munda amafuna chonyadira."

"Unasambapo?"

"Unafa ndithu, ine ndikuona. Chaka cha njala, ine ndili kamtsikana. Amayi anapala nkhoko yonse, tinaiphika ngati phala n'kudya, tonse tinagona mitu ikuzungulira. Kenako mtsukowo ankaphikiramo nyika, zija timazula pansi pa maluwa a m'madzi. Miyezi inayi. Unayera kuposa mmene wauyeretsera iwe."

"Ndiye unadzuka bwanji?"

"Bambo ako. Njala itatha anapita pa chulu paja pali mitengo ya masau, n'kutola ogwa okha. A fumbi, a kaufa koyera pakhungu, ena oboola mbalame. Osatsuka. Madzi a pachitsime, osawiritsa. Ankati mzimu wake uli pakhungu la sau, mtsuko umangosunga. Iwe ukumatani nawo masau ako?"

"Ndimatsuka katatu."

"Katatu! Ngati maliro." Anapukuta misozi ya kuseka ija, koma inapitiriza kutuluka. "Koma usafulumire kukondwa. Chaka choyamba anali wowawasa, amayi anati tithire m'ndiwo. Chachiwiri anayamba kumveka. Chachitatu ndi pomwe madoda anati eya, wabwerera. Alongo anga ali nazo zaka zitatu?"

Anandimangira matemba m'pepala, anati ndikasinje ndiwiritse msuzi, mwina ungadutse.

Nditabwerera ndinavula kaukonde n'kulowa pansi pa mitengo. Masau otsala anali ogwa, ndipo eni ake a nyengo imeneyo ndi mbuzi. Masiku atatu ndinakwawa nazo pamodzi, zikundiyang'ana ngati mlendo wosaitanidwa. Sau louma ndi chitosi cha mbuzi ndi pachibale pa maonekedwe, ndipo Mulungu ndi mboni, zina ndinazizindikira zili kale mumtondo. Ndinachotsa zomwe ndinatha. Ndinatunga madzi pachitsime, ndinathira mmene analili, ndinamata. Zonse zomwe ndinaphunzira ku Balaka zinkakuwa m'mutu.

Tsiku loyamba zii. Lachitatu zii. Lachisanu masana, mkazi wanga akuwamwetsa ababa msuzi wa matemba uja dontho limodzilimodzi, ababawo anakweza chala kuti tikhale chete. Pakona panamveka kaphokoso kamodzi, kakang'ono, ngati mwana akumeza. Patapita nthawi kena.

"Ndani akuyankhula uyo?"

Ndinagwada pafupi ndi mphasa. "Ababa, ndinawasambitsa Achimwene. Tsiku lija munapita kuchipatala."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Bulangete langa silinachapidwe chimwalirireni amako. Ndimagona nalo ndine." Mawu ankatuluka movutika, ngati akudutsa pa udzu. "Mpongozi wanga amanama bwino, koma anasankha chinthu cholakwika."

Mkazi wanga anaika supuni pansi n'kutuluka.

"Nanga bwanji simunanene? Mukanandiuza za masau ogwa nyengo isanathe."

"Ndimafuna ndione ngati kusukulu kwanu kuja anakuphunzitsaninso kudzutsa akufa."

"Azakhali akuti anafapo kale, munawadzutsa ndinu."

"Mlongo wanga pakamwa." Anapuma kaye. "Ukanadziwa kuti amadzuka, ukanamawapha chaka chilichonse."

Apa ndinene chinthu chomwe mwana sayenera kunena. Ndinawakwiyira, ndipo mpaka lero mkwiyowo sunathe wonse. Miyezi iwiri anagona pamphasa akumva ine ndikuzunzika ndi mapaketi, njira ali nayo m'kamwa, khosi lawo lomwe likutsekeka, osanena. Anasankha kundiphunzitsa m'malo momwa. Kapena ankadziwa kale kuti zaka zitatu alibe, ndipo miyezi iwiri sikanasintha kanthu. Sindinawafunse.

Masabata atatu atakwana, kunja kutayamba kutentha kwenikweni, ndinamatula. Fungo linali lakuthwa, lachibwana. Ndinasefa, ndinasiya nsenga zochepa zotuwa pansi, ndinathira theka la kapu. Nthawi imeneyo ngakhale malovu awo ankalavulira m'kachitini. Ndinawadzutsa, mutu wawo pachifuwa panga, wopepuka ngati chikho. Anamwa pang'ono osameza. Anasunga m'kamwa, akusuntha tsaya ili ndi ili, maso oyera aja ali kudenga. Ndinawerenga mpweya wawo mpaka ndinasokonezeka. Kenako anakodola, ndinabweretsa kachitini, analavula.

"Anyamuka," anatero.

"Afika?"

"Iyayi. Ali pa Nselema. Akudikira minibasi idzaze."

"Adzafika liti kuno?"

"Ukapanda kuwasambitsanso, zaka zitatu."

"Ndiye ndidzadziwa bwanji kuti afika, ababa?"

"Lilime uli nalo."

"Langa lazolowera chidede."

Ndinkaganiza kuti andipatsa mawu ondilimbitsa mtima.

"Limenelo ndi vuto lako," anatero. "Ndigoneke."

Anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Powanyamula kupita kumanda, amuna anayi anadandaula kuti bokosi likupepuka ngati mulibe munthu, ndipo zimenezo sindine ndinanena. Azakhali sanabwere, miyendo inakana. Anatumiza mpunga.

Ntchito inapitirira, chifukwa ana sadya chisoni. Zigubu ndimatsukabe ndi klorini, ndipo sindipepesa, chifukwa wa chidede ukamusiya ndi fumbi amasanduka viniga. Achimwene ndinawamangira kanyumba kawo kuseri, ka udzu, kokhala ndi loko. A ukhondo akabwera ndimati ndi khola la nkhunda zomwe zili ndi chitopa, ndipo sayandikira. Chaka chilichonse ndimakwawa ndi mbuzi. Nkhoko inayamba ngati utoto, kenako ngati chikhadabo.

Chaka chachiwiri ndinalawa, sindinadziwe. Chachitatu ndinalawa, ndinasunga m'kamwa monga ankachitira ababa, ndinasuntha masaya mpaka anatopa. Anali wabwino. Koma kodi anali yemwe uja? Ndikamati ndikumbukire kukoma kwakale, pakamwa pankabwera chidede, bwemba, shuga. Mwa madoda anayi a pansi pa bwemba atatu anali atatsikira kumanda. Wotsalayo ndinamupatsa kapu, anati ndi yemweyo ndendende. Ndinamupatsa wa nthochi, anatinso ndi yemweyo ndendende, n'kufunsa ngati ulipo wina woti ayese.

Panatsala munthu mmodzi pa dziko lonse amene anakula ndi fungo limenelo, ndipo chipembedzo chake sichimulola kukhudza dontho.

Ndinapitabe. Ndinathira m'botolo, ndinatseka ndi chitsononkho, ndinakulunga m'thumba. Nyanja inali itaphwa, mabwato atagona pamatope kutali ndi madzi. Azakhali anali atakalamba kwambiri, akuyenda ndi ndodo. Anaona thumba ndisanapereke moni.

"Wabweretsa chiyani pakhomo panga?"

"Achimwene, azakhali. Chaka chachitatu."

"Kasiye kunja kwa mpanda."

"Sindikuti mumwe."

"Ngakhale kuyang'ana. Usandiyese, mwanangu, ndatsala pang'ono kukaonana ndi Mwini wake. Kunja."

Ndinakasiya botolo patsinde pa mpanda wa bango. Anandiphikira mpunga ndi mlamba wouma. Tinakamba za nyanja, za ana anga, za mmene alongo awo anagonera, ngati anavutika. Ndinati sanavutike. Anati ndimanama moipa kuposa mkazi wanga, poti nkhani ya mabulangete inali itawafika. Za botolo sitinatchulenso.

Dzuwa litapendeka wakabaza anabwera kudzanditenga. Azakhali anati andiperekeze mpaka pampanda, ndipo ulendo wa mapazi makumi awiri unatitengera nthawi yoti munthu n'kumeta. Nditatola thumba anaima, atatsamira ndodo, akuyang'ana kwina.

"Chitsononkho watsekera icho chikuoneka chowola. Utaya zinthu m'njira, unyowetsa anthu m'minibasi. Tabwera nacho ndione."

Ndinazula n'kuwapatsa. Anachigwira ndi nsonga za zala ziwiri, mkono atautambasula kutali ndi thupi, monga mmene munthu amagwirira khoswe wakufa. Sanachibweretse kumphuno. Mphepo yochokera kunyanja inachita yokha. Anaima choncho mpaka wakabaza anazimitsa injini.

"Tenga," anatero. "Chikununkha bambo ako."

"Bambo anga a liti, azakhali? Amphamvu aja, kapena a pamphasa?"

Anatembenuka n'kubwerera pang'onopang'ono kukhonde, anatunga madzi mumtsuko wawo, n'kuyamba kusamba m'manja, poti nthawi ya swala, pemphero lawo, inali itakwana. Anasamba nthawi yaitali, atandifulatira. Ndinadikira mpaka wakabaza anati mafuta ake si a boma.

Ndinali nditadutsa kale pa Ntaja, botolo lili pamiyendo, pomwe ndinakumbukira kuti azakhali sanawaonepo ababa akudwala. Fungo lomwe ankalidziwa ndi la amphamvu aja okha. Ndinafuna kuuza munthu. Amene ndinakhala naye mpando umodzi anali bambo wina wonyamula nkhuku ziwiri, ndipo ndinamufotokozera zonse, kuyambira pa sopo. Anamvetsera mpaka pa mlatho wa Liwonde, akugwedeza mutu. Kenako anati pepani, n'kufunsa ngati mbale wangayo anasiya ana.